Ntchito ya Masaji Imayenda ndi Dzina

Achinyamata amene angomaliza kumene kuphunzira masaji amafunsa funso limodzi: "Amayi, malo a masaji achuluka chonchi, ife titani kuti anthu azibwera kwa ife?" Zakuchulukazo sakunama. Ku Lilongwe mukazungulira mu Area 47 kapena Area 10 muona zikwangwani pamageti, ku Blantyre nakonso n'chimodzimodzi. Saluni imene dzana inkangoluka tsitsi lero yatchinga kachipinda ndi katani kumbuyo, mahotela ali ndi anthu awoawo, ndipo kunyanja, kuyambira ku Cape Maclear, Senga Bay mpaka ku Nkhata Bay, mlendo sasowa womutikita. Ndiye mwana amene wangogula kumene bedi lake amathamangira kutsitsa mtengo, kugula nyale zamitundumitundu ndi kulipira Facebook kuti chithunzi chake chizioneka. Ine ndimati zimenezo zidikire kaye. Yambani mwadzifunsa ngati munthu amene mwamutikita lero angathe kutchula dzina lanu mokweza, ali pakati pa anthu, mkazi wake kapena mwamuna wake ali pomwepo.

Ndikunena izi chifukwa ntchito yathu ili ndi mbiri imene sitinaipange ndife koma timaisenza. Anthu ambiri m'tauni akamva za masaji maganizo awo amapita ku uhule, ndipo alipodi malo amene amabisala kuseri kwa chikwangwani chathu. Chimene chimatipweteka kwambiri ndi ichi: bambo amene msana wake wamasuka m'manja mwanu amachoka ali wokondwa, koma akafika kuntchito sauza munthu, akafika kunyumba amati anachedwa pamzere kubanki. Ntchito yathu siioneka ndi maso, munthu satuluka ataitenga m'manja kuti anzake aisirire. Imayenda ndi pakamwa basi. Pakamwapo pakatsekedwa ndi manyazi, mutha kukhala ndi luso lotani, chipinda chanu chidzakhala chopanda anthu.

Vutoli si la kuno kokha, ndipo silinayambe lero. Mu 1894 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inaulula kuti malo ena a masaji mu London anali nyumba za uhule, moti ntchito yonse inada. Chaka chomwecho amayi anayi a ntchito ya unamwino ndi uzamba, Lucy Robinson, Rosalind Paget, Elizabeth Anne Manley ndi Margaret Palmer, anayambitsa bungwe lotchedwa Society of Trained Masseuses. Anakhazikitsa mayeso, ziphaso ndi malamulo a khalidwe okhwima zedi, moti membala sankaloledwa kugwira wodwala popanda chilolezo cha dokotala. Bungwe lomwelo ndi limene linakula n'kukhala Chartered Society of Physiotherapy, dzina limene lakhala nalo kuyambira mu 1944. Amayi amenewa sanalimbane ndi malo aja pa mitengo. Anapanga kuti dokotala, ngakhalenso banja la wodwala, athe kuwaitana popanda kunong'ona. Inunso mpikisano wanu weniweni uli pomwepo.

Malire amayambira pa zinthu zazing'ono zimene kasitomala amaziona asanagone n'komwe pabedi. Valani yunifolomu yooneka kuti ndi ya ntchito. Muuzeni munthu chimene muchite, mbali ziti za thupi zimene mugwire, ndi kuti avule zimene iye akumasuka nazo. Kenako tulukani, tsekani chitseko, ndipo musalowe musanagogode. Thupi lonse likhale lofundidwa, muzivundukula pokhapo pamene mukugwirapo ntchito, mukathana napo n'kufunditsanso. Potembenuza munthu, kwezani nsalu mbali yanu kuti ikutchingeni maso. Mayi amene wabwera koyamba amakhala atauma thupi lonse, mapewa ali m'makutu, akudikira kuona ngati alemekezedwe. Akaona mmene mwapindira thaulo m'chiuno mwake mosamala, mumamva pansi pa manja anu kuti wapuma. Mayi ameneyo ndi amene mwezi wamawa adzabwere ndi mlamu wake.

Tsekani nthawi yabwino, dzuwa likangolowa. Mowa usalowe. Zithunzi zimene mumaika pa WhatsApp ndi pa Facebook zionetse chipinda, bedi loyalidwa bwino ndi chiphaso chanu, osati inuyo mutadzikongoletsa ngati mukupita kuphwando, chifukwa chithunzi chimasankha anthu amene akuimbireni. Ndipo adzaimba ndithu. Ena amayamba mozungulira, "Kodi mumapanganso zina?" Yankho likhale lalifupi, lopanda kuseka, lopanda kupepesa: "Ayi bambo, kuno ndi masaji okha." Wina akayamba zachipongwe ali pabedi, chotsani manja, bwererani m'mbuyo, muuzeni kuti mwalekeza pomwepo, tulukani. Musakambirane naye. Ngati mumapita kunyumba za anthu, ulendo woyamba munthuyo abwere kaye kumalo anu kuti mumuone, ndipo pasapezeke tsiku limene mwalowa pageti la munthu wachibale wanu asakudziwa kumene muli ndi nthawi imene mutuluke.

Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi opepuka polankhula koma olemera pa 28 kumapeto kwa mwezi, lendi isanalipidwe, bwana wina ataika patebulo ndalama zoposa zimene mwapeza sabata yonse. Ana anga, ndalama imeneyo ndi yodula kuposa mmene ikuonekera. Anthu ofuna zoterozo amadziwana ndipo amapatsana manambala. Mukavomera kamodzi, foni yanu idzayamba kulira usiku, amayi adzasiya kubwera popanda wokuuzani chifukwa chake, ndipo kubweza dzina m'tauni yaing'ono ngati Zomba kapena Mzuzu n'kovuta kuposa kuyamba kumene. Anyamata, musaganize kuti izi n'za atsikana okha. Kwa inu nthawi zambiri mlandu wake umakhala waukulu kuposa apa, choncho mukamatikita mayi, pakhale munthu wina pafupi amene kasitomalayo wamuona ndi maso ake.

Chachiwiri chimene chingakusiyanitseni ndi anzanu ndi mphindi khumi zoyambirira, manja asanakhudze mafuta. Ambiri amangoti "gonani apa" n'kuyamba. Inu khalani pansi ndi munthuyo, khadi ndi cholembera zili m'manja. Akumva kupweteka pati, kuyambira liti, amagwira ntchito yanji, amamwa mankhwala anji, anachitidwapo opaleshoni, ali ndi shuga kapena BP, ngati ndi mayi kodi ndi woyembekezera. Mafunso amenewa amaoneka ngati otaya nthawi mpaka tsiku limene adzapulumutse moyo wa munthu.

Taganizirani mayi amene watsika basi yochokera ku Joni, wakhala pampando tsiku lonse ndi usiku wonse miyendo ili yopinda, ndipo akuti katumba wa mwendo umodzi akumupweteka, mumutikite. Mukayang'ana mupeza mwendo umenewo watupa kuposa unzake, ukutentha, khungu lasintha mtundu. Musaugwire. Chikhoza kukhala chibuma cha magazi oundana mumtsempha wam'kati, ndipo mukachitikita chitha kuchoka n'kukatseka m'mapapo, munthu n'kufera pabedi panu. Ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi munthu amene thupi latentha, amene ali ndi mashingozi, mphere, zipere kapena bala losapola. Munthu wa msana wopweteka amene akuwonda, akutuluka thukuta usiku, ululu wake sukusintha ngakhale agone, kuno kwathu muyenera kuganizira TB ya msana ndi matenda ena akuluakulu, osati minofu. Wa shuga amene mapazi ake achita dzanzi samva kutentha, mutha kumuotcha ndi mwala kapena madzi iye ali chete. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, mukamudinikiza mwamphamvu mawa adzuka ali ndi mikwingwirima. Ndipo musaiwale kufunsa za ziwengo, makamaka za mtedza, musanathire mafuta alionse.

Kubweza kasitomala ndalama zili m'manja kumawawa, makamaka pamene mukuyamba kumene. Koma pa zonse zimene ndaona pa ntchito imeneyi, palibe chimene chimafalitsa dzina la munthu ngati kukana koyenera. Amene munamutumiza kuchipatala ndipo anakamupezadi ndi vuto adzauza mpingo wonse, ndipo adzanena mopanda manyazi, chifukwa nkhani yake ndi ya munthu amene anamusamala.

Apa ndiwonjezere kuti dziwani pamene ntchito yanu ikuthera. Inu si dokotala, komanso si katswiri wa mafizo. Anthu a mafizo amaphunzira zaka zingapo ku Kamuzu University of Health Sciences ndipo amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi. Munthu wodwala sitiroko kapena wothyoka fupa ndi wawo, kuchipatala kapena kumalo ngati Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Zimandipweteka ndikaona zikwangwani zolonjeza kuti masaji amachiza shuga, amathetsa kusabereka, amasungunula mafuta a pamimba, amachotsa poizoni m'thupi. Limeneli ndi bodza, ndipo wodwala amene wasiya mankhwala ake chifukwa cha bodzalo akavulala, mlandu ndi wanu. Zimene masaji amachitadi n'zokwanira kale kudyetsa banja: amamasula minofu yokungika, amachepetsa ululu wa khosi, mapewa ndi msana, amathandiza munthu kugona tulo, amakhazika mtima pansi. Lonjezani zimenezo basi. Kenako pitani mukadzionetse kwa anthu a mafizo ndi manamwino a m'dera lanu, chiphaso chili m'manja, muwauze zimene mumachita ndi zimene simuchita. Iwo ali ndi anthu ambiri amene anamaliza chithandizo koma akufuna wowasamalira minofu mwezi ndi mwezi, ndipo satumiza munthu kwa amene sakumudziwa.

Tsopano za mndandanda wa pakhoma. Ndimalowa m'malo ena n'kupeza mitundu khumi ndi iwiri yalembedwa, monga Swedish, deep tissue, Thai, hot stone, reflexology, ya amayi oyembekezera, ya amasewera, koma wogwira ntchito ndi mmodzi, wophunzira miyezi itatu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Masaji a ku Thailand, amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2019, anthu amakaphunzira kwa aphunzitsi enieni, monga pasukulu ya ku Wat Pho mu Bangkok. Kuonera pa YouTube madzulo awiri sikungakuloleni kupinda msana wa munthu. Dziwani mitundu iwiri bwinobwino, ndipo koposa pamenepo, sankhani anthu anu.

Kusankha anthu n'kumene kumapanga katswiri. Matupi a anthu amapweteka motsatira ntchito zawo. Wa kubanki kapena wa ku Capital Hill, amene amakhala pakompyuta kuyambira m'mawa, vuto lake lili m'khosi ndi pakati pa mapewa. Telala amabwera ndi chiuno ndi mwendo wopalasira makina. Dalaivala wa mathiraki, namwino woimirira usiku wonse, mtsikana wa mpira wa manja, mnyamata amene akukonzekera mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje, aliyense ali ndi pake pomupweteka. Mukatikita anthu a mtundu umodzi kwa chaka, manja anu amayamba kudziwa pamene mfundo yabisala munthu asanakuuzeni, ndipo anthu amenewo amagwira ntchito limodzi, amadya nkhomaliro limodzi, amauzana. Alipo amayi ambiri, achikhristu ndi achisilamu omwe, amene sangalole kugwiridwa ndi mwamuna kapena kulowa pamalo pamene pakulowanso abambo. Mtsikana amene angatsegule malo a amayi okhaokha, n'kusunga lamulolo osaliphwanya ngakhale tsiku limodzi, wapeza kale msika wake. Ndipo mpando wotikitira munthu atavala zovala zake, umene mungapite nawo kuofesi nthawi ya nkhomaliro, umathetsa nkhani ya manyazi ija nthawi yomweyo, chifukwa zonse zikuchitikira poyera, anzake akuona.

Musakodwe ndi maganizo akuti masaji ndi a azungu. Inu a kunyanja mukudziwa kuti alendo amachuluka m'chilimwe, mvula ikagwa malo ogona amakhala pululu, ndipo mlendo ngakhale akukondeni bwanji, sabata yamawa wakwera ndege. Amene angakusungeni chaka chonse ndi Amalawi anzanu. Anthu athu si achilendo ku zimenezi. Tonse tinakula tikuthowedwa ndi kansalu ka madzi otentha tikabinya mwendo, ndipo agogo ankatikita ndi mafuta a nsatsi. Mphunzitsi kapena mayi wa geni mukamulandira ndi ulemu womwewo umene mumapatsa mlendo wa ndalama zakunja, osamuyang'ana nsapato, adzakhala wanu zaka zambiri.

Za ukhondo sindichulutsa, chifukwa mukuzidziwa, koma mphuno ya kasitomala imakhala pansalu yanu ola lathunthu. Mafuta akakhalitsa m'thaulo amanunkha, ndipo inu amene mumakhala m'chipindamo tsiku lililonse simumva. Munthu aliyense nsalu zakezake, zochapidwa ndi madzi otentha, zouma bwino padzuwa. Madzi amasiya, magetsi amazima, choncho khalani ndi mgolo, fulasiki ndi matawulo apadera. Zikhadabo zikhale zazifupi, mphete muvule. Mu Juni ndi Julaye fundizani manja ndi mafuta musanakhudze msana wa munthu. Foni yanu ikhale kunja.

Chimene ndikufuna mukhalepo nthawi ndi chinsinsi. Munthu akagona chafufumimba, maso ali pansi, thupi litamasuka, amayamba kulankhula zimene sanauzepo ngakhale m'bale wake: za banja, za ngongole, za mankhwala amene amamwa mobisa. Mudzaona zipsera, mudzaona mikwingwirima imene sanakuuzeni chiyambi chake. Zonsezo zithere m'chipindamo. Musatchule ngakhale zoti wakutiwakuti amabwera kwa inu, chifukwa amene mukumuuzayo akuwerengera mumtima kuti mawa mudzanenanso za iye. Mukakumana ndi kasitomala kumsika kapena kutchalitchi, musiyeni ayambe ndi iye kukupatsani moni. Ndipo inuyo m'chipindamo musakhale wolongolola. Funsani ngati mphamvu ya manja yakwana, kenako khalani chete. Ola limenelo walipira ndi iye, si nthawi yomuuza mavuto anu.

Khadi lija musalitaye. Munthu akangotuluka lembani: phewa lamanzere ndi limene linali lolimba, sakonda kugwiridwa kumapazi, amafuna mphamvu zochepa m'chiuno, fungo la bulugamu limamupweteketsa mutu. Akadzabweranso patatha miyezi iwiri, inu n'kumufunsa kuti, "Phewa lamanzere lija likuti bwanji?" mudzaona nkhope yake. Malo akuluakulu a m'mahotela, amene antchito amasinthana mashifiti, sangathe kuchita zimenezi, ndipo apa ndi pamene munthu mmodzi wa kachipinda kamodzi amawaposa. Tsiku lotsatira tumizani uthenga umodzi wofunsa mmene wadzukira. Umodzi basi, osati zotsatsa za tsiku ndi tsiku.

Pa mtengo, musapikisane ndi wotchipa. Katundu wa ntchito imeneyi ndi manja anu, ndipo ali awiri okha. Mukadula mtengo pakati ndiye kuti mukufunika anthu owirikiza kuti mupeze zomwezo, ndipo munthu amene amatikita anthu asanu ndi atatu patsiku sachedwa kumva zala zazikulu ndi mfundo za manja zikuyaka usiku. Ambiri amene anasiya ntchitoyi sanasiye chifukwa chosowa makasitomala, anasiya chifukwa manja anatha. Phunzirani kugwiritsa ntchito mkono ndi chigongono, kukankha ndi kulemera kwa thupi lonse kuchokera m'miyendo, ndipo bedi likhale pamsinkhu woti mukaimirira manja ali lende, zibakera zizilikhudza. Werengerani lendi, sopo, madzi, mafuta, thiransipoti ndi tsiku lopuma, kenako ikani mtengo umene ungakusungeni, n'kuulemba poyera kuti aliyense alipire chimodzimodzi. Ola likhale ola lathunthu manja ali pathupi, osati kuwerengera ndi nthawi yovula ndi kuvala. Ofuna kusungiridwa nthawi atumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo muona kuti ongoyesa amachepa okha.

Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankadalira mafuta a m'mabotolo ochokera kunja analira. Chonsecho dziko lathu lili ndi mafuta abwino: a mpendadzuwa, a malambe, a makademiya amene amalimidwa ku Thyolo ndi madera ena. Gulani osasakaniza, sungani pamthunzi, ndipo kumbukirani za ziwengo zija. Mlendo amakondwa kumva kuti mafuta amene ali pakhungu lake achokera mumtengo umene wauona m'njira.

Mapepala konzani msanga. Lembetsani dzina la bizinesi kwa Registrar General, tengani chiphaso kukhonsolo ndi TPIN ku MRA, chifukwa kampani kapena hotela imene ingafune kukupatsani ntchito ya mwezi ndi mwezi idzafunsa zimenezo tsiku loyamba. Amene mukulota zokagwira ku South Africa dziwani kuti kumeneko masaji ochiritsira ali pansi pa Allied Health Professions Council of South Africa, ndipo simungadzitche katswiri wa ntchitoyo musanalembetsedwe.

Anzanu a ntchito imeneyi musawaone ngati adani. Ngati mukuchoka pamalo pamene munalembedwa ntchito, tsanzikani bwino, ndipo musakopere manambala a m'buku la abwana anu. Amene akukufunani adzakufufuzani okha. Dziwanani ndi anzanu atatu kapena anayi amene mumawadalira khalidwe lawo. Tsiku limene mwadzaza, kapena pabwera mayi woyembekezera pamene inu simunaphunzire zimenezo, mutumizeni kwa amene anaphunzira, nayenso adzakutumizirani wamasewera amene iye sangamuthe. Muzitikitana nokhanokha kamodzi pamwezi kuti mumve m'thupi mwanu zimene makasitomala anu amamva, ndi kuuzana mosabisa pamene dzanja likulakwitsa. Ndipo munthu akakuchitani chipongwe, nambala yake itumizeni kwa anzanuwo tsiku lomwelo, asanakagogode pachitseko cha wina.